Udokotala wa pa Laputopu

Foni inalira cha m'ma 2 koloko masana, nthawi imene kwa ine imakhala pakati pa usiku. Ndimagwira ntchito usiku pa nyumba ina yosamalira akuluakulu aulumali mu mzinda wa South Bend, m'dera la Indiana kuno ku America, ndipo ndikaweruka m'mawa ndimatseka makatani onse n'kugona tulo tofa nato. Woimbayo anali mtsikana wa mawu ofewa. Anatchula dzina la makolo anga bwinobwino, osapunthwa ngakhale pamodzi, chinthu chimene abwana anga akhala akulephera kwa zaka zambiri. Tulo tinandithera pomwepo. Anati waona kuti ndinalemba dzina pa fomu ya yunivesite yawo, ndiye akufuna kundithandiza kuti ndiyambe teremu ikubwerayi.

Fomuyo ndinalembadi, sindikana. Unali usiku wina wa mu February, panja chipale chili mbuu, onse m'nyumbamo atagona, ine ndikungoseweretsa foni kuti ndisaodzere. Pa Facebook panatulukira chithunzi cha mayi wachikuda wa msinkhu wanga, atavala gauni ndi kachipewa kofewa kaja ka anthu a PhD, mwana atamukolekera m'khosi. Pansi pake analemba kuti ukhoza kukhala dokotala wa saikoloji osasiya ntchito, osachoka pakhomo, n'kumaphunzira nthawi imene wafuna. Chala chinadina chokha.

Tisanamalize n'komwe kulankhulana, kalata inali itafika kale pa imelo. Pamwamba pake panali dzina langa, kutsogolo kwake ataikako zilembo ziwiri zija, D ndi r, n'kuwonjezera kuti "wam'tsogolo". Ndinaiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mayi wa zaka 43 amayenera kuchitira. Ndinaijambula, ndipo ndinatsala pang'ono kuitumiza kwa amayi ku Balaka.

Sukulu ya patali ine sindiinyoza. Ndingainyoze bwanji inandilera? Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale amene sekondale anaisiyira panjira chifukwa cha fizi. Mapepala awo anawapeza kudzera ku Malawi Correspondence College, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education. Ndimakumbukira maenvulopu a khaki amene ankakatenga pa njinga ku positi ofesi, timabuku tija tinkatchedwa maseti, nyali ya palafini pa tebulo ife titagona pa mphasa, ndi inki yofiira ya mphunzitsi amene bambo sanamuonepo nkhope mpaka imfa yawo. Atakhoza MSCE malipiro anakwera, ndipo ndi ndalama imeneyo imene inandifikitsa ku Chancellor College ku Zomba. Bambo ankakonda kutikumbutsa kuti ngakhale Nelson Mandela digiri yake ya zamalamulo anaimalizira ku UNISA mu 1989 ali m'ndende. Kwathu munthu wophunzira yekha usiku ankapatsidwa ulemu woposa wa amene anangoyenda bwino m'kalasi.

Kungoti masamu ndi jogalafe zimakwana mu envulopu. Zimene ine ndinkafuna sindinkadziwa ngati zimakwanamo.

Nditachoka ku Zomba ndinagwira ntchito ya ulangizi pa chipatala china chaching'ono ku Blantyre, zaka zija ma ARV atangoyamba kuperekedwa ulere mu 2004. Kachipinda kake kanali ndi mipando iwiri, tebulo ndi kalendala ya chaka chapita. Anthu ankalowa kudzayezetsa magazi, ndipo ine ndinali woyamba kuwaona nkhope akamva zotsatira. Ena ankaseka, ena ankafunsa za minibasi yopita ku Ndirande ngati sanamve kalikonse, ena ankangoti chete kuyang'ana kalendala ija. Maphunziro a ntchitoyo tinapatsidwa a milungu yochepa chabe, ndipo tsiku lililonse ndinkaweruka ndikudziwa kuti pali anthu amene ndawalephera koma sindikudziwa kuti ndawalephera pati. Njala ya saikoloji inayambira m'kachipinda kameneko. Mwayi wa lotale ya ziphaso zokhalira ku America utandigwera, ndinauza aliyense kuti ndikupita kukaphunzira. Ndinakafikira kusambitsa anthu ndi kuwadyetsa phala, monga ambiri a ife timachitira kuno.

Ndinapsapo kale kamodzi. Zaka zingapo zapitazo ndinatenga ngongole n'kuchita digiri yachiwiri ya saikoloji pa intaneti, pa sukulu ina imene sindiitchula. Ndinakhoza bwino kwambiri. Nditapita kukafunsira ntchito ya uphungu, mayi wolemba anthu ntchito anatembenuza pepala langa kawiri, n'kufunsa kuti laisensi yanga ili kuti. Digiri ija inalibe ola ngakhale limodzi lokhala ndi munthu wofuna thandizo, choncho sinkatsegula khomo la laisensi iliyonse. Nditabwerera kukawerenga mapepala amene ndinasaina, ndinapeza kuti zinalembedwamo, m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto. Sanandinamize. Anangondisiya kuti ndidzinamize ndekha. Ngongole yake ndikubwezabe.

Choncho ulendo uno mtsikana wa mawu ofewa uja ataimbanso, ndinali nditakonzeka. Safunsa anadya phula. Ndinati, "Ndikamaliza, kodi ndidzaloledwa kumaona odwala?"

Anayankha mwansangala kuti yunivesite yawo ndi yovomerezeka.

Ndinati, "Yovomerezedwa ndi yani?"

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo ambiri a ife amene tinakulira kumene digiri ndi digiri basi sitipadziwa. Ku America mawu akuti kuvomerezeka amabisa zinthu ziwiri. Pali mabungwe, monga Higher Learning Commission ya ku Chicago, amene amayendera yunivesite yonse n'kunena kuti ndi sukulu yeniyeni: ili ndi aphunzitsi, ili ndi mabuku, ndalama zake zikuoneka. Chidindo chimenechi n'chofunika, ndipo n'chimene chimalola ophunzira kutenga ngongole za boma. Koma pali chidindo china cha eni ntchito, cha bungwe la American Psychological Association, limene anthu amangoliti APA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1892. Ili siliyang'ana yunivesite yonse, limayang'ana pulogalamu imodzi yophunzitsa anthu oti azikathandiza odwala. Malamulo ake amafuna zaka zosachepera zitatu za maphunziro, ziwiri mwa izo pa sukulu yomweyo, ndipo chaka chimodzi wophunzira akhale pamaso pa aphunzitsi ake. Pamwamba pa zimenezi pali chaka chathunthu chogwira ntchito pa chipatala ukuyang'aniridwa. Pulogalamu ya udokotala yochitikira pa intaneti pokhapokha bungweli silivomereza.

Dera lililonse la America lili ndi bodi yake yopereka malaisensi, ndipo ambiri mwa mabodiwa amafuna digiri ya chidindo cha APA kapena yofanana nayo pa zonse. Kenako pali mayeso a EPPP, amene suwalemba bodi isanakhutire ndi mapepala ako. Zipatala za boma za asilikali opuma, zimene zimalemba ntchito akatswiri a zamaganizo ambirimbiri, nazonso zimafuna chidindo cha eni ntchito. Ngakhale dzina lenileni la ntchitoyi ndi lotetezedwa ndi lamulo, moti sungalipachike pa chitseko chako popanda laisensi. Ndiye munthu akhoza kuvala gauni, kutchedwa dokotala pa ukwati ndi pa maliro, koma osaloledwa kukhala yekha ndi wodwala amene mnzake wa digiri yachiwiri yokha akumuthandiza m'chipinda choyandikana.

Mtsikana uja anakhala chete pang'ono, kenako anati malamulo amasiyana dera ndi dera, ndipo ndi udindo wa wophunzira kufufuza. Sindinamukwiyire. Nayenso anali pa ntchito, ndipo mwina kunyumba kwake kuli ngongole ya sukulu ngati yanga.

Usiku wotsatira ndinayamba kuwerenga kuti malamulowa anachokera kuti. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, asilikali ambiri anabwerera ku America mitu itasokonezeka, ndipo owathandiza anali ochepa. Mu 1949 akatswiri anakumana ku Boulder, m'dera la Colorado, n'kugwirizana kuti wophunzira aziphunzitsidwa ziwiri pamodzi, kafukufuku ndi kuthandiza anthu, n'kutuluka ndi PhD. Ena anadzadandaula kuti anthuwa akuthera nthawi pa manambala pamene odwala ali pa mzere, ndipo mu 1973 msonkhano wina ku Vail, ku Colorado komweko, unavomereza digiri ya PsyD, yotsamira kwambiri ku ntchito yeniyeni. Magulu awiriwa akhala akukangana kuyambira pamenepo za kuchuluka kwa kafukufuku amene munthu ayenera kuchita. Koma sindinapeze mbali imene inanenapo kuti wodwalayo tingamudumphe.

Nkhani ya ndalama ndiyo inandipweteka mwa mtundu wina. Ndikamachokera ku ntchito m'mawa ndimaona denga lagolide la yunivesite ya Notre Dame likunyezimira chapatali. Pamenepo pali PhD ya saikoloji ya chidindo cha APA. M'mayunivesite akuluakulu a kafukufuku ngati amenewa, wophunzira PhD kawirikawiri salipira fizi, ndipo amalandira kandalama ka mwezi chifukwa chothandiza kuphunzitsa kapena kufufuza. Koma mapulogalamu otere amalandira mafomu mazanamazana n'kusankhapo anthu owerengeka pa zala, ambiri a iwo achinyamata amene anayamba kuthandiza mapulofesa m'malabu ali ndi zaka 20. Ndipo ngakhale akananditenga, kandalama kaja sikangalipire lendi, kudyetsa ana awiri, kugulira amayi feteleza ndi kulipirira mwana wa malemu achimwene ku sekondale, kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Anthu opanga zithunzi za pa Facebook zija amadziwa zimenezi bwino lomwe. Si mwangozi kuti mayi wa pa chithunzi anali wakuda, wamkulu, wa mwana m'khosi. Anali ine.

Pa intaneti chitseko n'chotsegula, koma umalipira wekha, teremu ndi teremu. Mtengo umene anandiuza ukanamanga nyumba yabwino ndithu ku Balaka, ya mpanda ndi thanki ya madzi. Umenewonso unali mtengo wa munthu womaliza m'nthawi yake. Ukafika pa kafukufuku womaliza, teremu iliyonse imene ukudikira kuti aphunzitsi awerenge mutu wako n'kukubwezera, mita ikuyendabe. Anthu a kuno ali ndi dzina la zilembo zitatu, ABD, la munthu amene wamaliza zonse kupatula kafukufukuyo. Kutchalitchi kwathu kuli achimwene ena amene akhala pa zilembo zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo tinasiya kuwafunsa. Ngongole ya sukulu ku America ndi yovuta kuifafaniza ngakhale khoti litagamula kuti ulibe kalikonse. Wakatapila wa kumudzi amatha kumwalira kapena kusamuka. Uyu sasamuka.

Ndisanamizirenso kuti njerwa ndi zimene zimapulumutsa. Yunivesite ya Argosy inali ndi nyumba zake m'mizinda ingapo, ndi mapulogalamu a PsyD a chidindo cha APA. Mu March 2019 inatsekedwa mwadzidzidzi, zitadziwika kuti ndalama za boma zimene zinayenera kufika m'manja mwa ophunzira sizinafike. Anthu amene anali atatsala pang'ono kumaliza anayamba kuthamangathamanga kufuna sukulu ina yoti iwalandire.

Komabe malamulo ndi mitengo sizimene zinandigwetsa mphwayi. Munthu ukafuna chinthu, lamulo umalipezera njira ndipo mtengo umauchepetsa m'mutu. Chinandiimitsa chinachitika ku ntchito.

M'nyumba imene ndimagwiramo muli bambo wina wa zaka za m'ma 60, amene maganizo ake ali ngati a mwana wa pulayimale. Mayi ake ankabwera Lamlungu lililonse ndi mabisiketi. Atamwalira, bamboyu anayamba kukana chakudya ndi kumenyetsa chibakera kukhoma usiku. Ine, mwini digiri yachiwiri, ndinalemba lipoti la masamba atatu lodzaza ndi mawu akuluakulu a m'mabuku. Katswiri wa zamaganizo amene amabwera kamodzi pa mwezi ndi gogo wachizungu woyendera ndodo. Analiwerenga, n'kunena kuti ndalemba bwino. Kenako anandipempha kuti ndisaweruke msanga, ndicheze ndi bamboyo pa chakudya cham'mawa monga ndimachitira masiku onse, iye angokhala pakona.

Tinacheza mwina mphindi 20. Ine ndinkaona kuti zayenda bwino. Ndinamuseketsa, anamwako pang'ono.

Titatuluka panja, gogo uja anandifunsa modekha kuti, "Mwaona kuti katatu konse anayamba kutchula mayi ake, ndipo katatu konse inu munamufunsa ngati akufuna kuwonjezera juwisi?"

Sindinaone. Ndikanalumbira pa Baibulo kuti sizinachitike. Anatsegula kope lake n'kundionetsa nthawi zake zitatu, atazilemba ndi pensulo. Sanawonjezere mawu ena, ndipo za moyo wanga sankadziwa kalikonse. Koma ine ndili m'galimoto pobwerera ndinadziwa chimene ndinkathawa. Bambo anga anamwalira mu 2021, maulendo a ndege ali ovuta chifukwa cha Covid-19. Maliro awo ndinawakhuza pa WhatsApp. Mng'ono wanga ananyamula foni m'mwamba pamene bokosi linkatsitsidwa, netiweki inkadukaduka, nyimbo ya amayi a mvano inkafika zidutswazidutswa. Ndinaona zonse, ndinamva zambiri, koma sindinagone pa siwa, sindinakhale pansi pakati pa azakhali, ndipo palibe amene anandigwira phewa. Foni itazima ndinavala yunifomu n'kupita ku ntchito. Zaka zitatu pambuyo pake, munthu akatchula kholo lake lomwalira, dzanja langa linkathamangira botolo la juwisi.

Pa digiri yanga ya pa intaneti ndinalemba nkhani yaitali yokhudza chisoni cha imfa, ndipo ndinapeza A. Mphunzitsi amene anaichonga anali munthu wodziwa, ndemanga zake zinali zanzeru. Koma iye ankaona zimene ine ndasankha kumuonetsa. Chimene chimaononga ntchito imeneyi ndi chimene mwini wake sachiona, ndipo chimene suchiona sungachilembe mu lipoti.

Ndinadzamva kuti vutoli ndi lakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Carl Rogers ali pa yunivesite ya Ohio State anayamba kujambula mawu a zokambirana za mlangizi ndi wodwala pa mbale za galamafoni, n'kumamvetsera pamodzi ndi ophunzira ake. Buku lake la mu 1942 linali ndi zokambirana zathunthu za munthu mmodzi, mawu ndi mawu. Zisanatero, mphunzitsi ankadalira zimene wophunzira wakumbukira ndi zimene wafuna kunena. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mbalezo zinaonetsa pamene mlangizi wadula munthu pakamwa, pamene wathamangira kulangiza, pamene wasintha nkhani chifukwa yamuwotcha iyeyo. Mpaka lero m'zipatala zophunzitsira muli makamera kapena magalasi oonera mbali imodzi, mphunzitsi ali kuseri. Ngakhale ntchito yooneka yophweka, monga mayeso a nzeru a Wechsler, aja a timabokosi tofiira ndi toyera toti munthu asanje wotchi ikuyenda, imafuna kuti wina akuone ukuichita kambirimbiri. Ukangoyang'ana kabokosi kolondola, kapena kugwedeza mutu pang'ono chifukwa cha chisoni, wamuthandiza, ndipo nambala imene ulembe ikatsatira mwanayo ku sukulu kapena munthuyo ku khoti.

Pali mbali ina ya mtima wanga imene imatsutsa zonsezi, ndipo siinatonthole. Kuyambira 2020 anthu ambirimbiri kuno amaonana ndi alangizi awo pa Zoom, ndipo ambiri amathandizika. Ngati wodwala angachire kudzera pa kamera, n'chifukwa chiyani wophunzira sangayang'aniridwe kudzera pa kamera yomweyo? Gogo wa ndodo uja akanatha kuona juwisi wanga pa vidiyo. Ndiponso tisadzinamize, eni ntchito iliyonse amakonda mpanda wautali, chifukwa olowa akachepa mtengo wa amene ali m'kati umakwera. Lamulo loti ukhale pa sukulu chaka chathunthu limasefa anthu osayenera, koma limasefanso amayi olera okha ana, anthu a kumidzi yakutali ndi ife obwera. Odwala amene amalankhula ngati ife ndi kulira ngati ife amavutika kupeza wowamva. Yunivesite ya Fielding ya ku Santa Barbara, ku California, ili ndi PhD ya chidindo cha APA imene mbali yaikulu ya maphunziro imachitikira patali, koma ophunzira amakumanabe ndi aphunzitsi pamaso, ndipo maola a kuchipatala amawagwira onse. Zikuonetsa kuti mpandawo ukhoza kusunthidwa. Mwina ana anga adzaupeza uli pena. Koma ine ngongole ndikanaitenga chaka chino, pansi pa malamulo a chaka chino.

Aliponso amene udokotala wa pa intaneti umawayenera, ndipo ndimawadziwa. Mayi wina amene tinkagwira naye ntchito anali kale ndi laisensi ya uphungu ndi zaka zambiri akuona anthu. Ankafuna kukwera kukhala mkulu wa nthambi ndi kumaphunzitsa madzulo pa koleji ina, ndipo kampani inamulipirira gawo la fizi. Iyeyo maso a ena anali atamudutsa kale, chimene ankasowa chinali mabuku ndi kafukufuku, ndipo zimenezo zimakwana mu envulopu. Chimodzimodzi amene amaphunzira saikoloji ya m'makampani, ya kalembedwe ndi kasamalidwe ka antchito, imene nthawi zambiri siifuna kukhala ndi wodwala. Amenewa amagula chinthu akuchidziwa. Ine ndinkafuna kugula mpando wa m'kachipinda kaja ka ku Blantyre, koma wogulitsa anali ndi gauni yokha.

Ndinayesanso kudzinyengerera ndi nkhani yobwerera kumudzi. Ndinkati malamulo a Indiana akhale a Indiana, ine pepalali ndikalitengera kwathu, kumene akatswiri a zamaganizo ndi ochepa zedi. Kwa zaka zambiri aliyense wodwala mutu kwambiri ankangotumizidwa ku Zomba Mental Hospital, kapena kwa a St John of God ku Mzuzu, mpaka dzina la Zomba linasanduka chitonzo m'kamwa mwa ana. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu March 2023 n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, anthu otsala ankafuna wowamvera kuposa mmene dziko likanaperekera. Ndinkadziona ndikutsika ndege ku Chileka, Dokotala Uje, wobwera kudzathandiza. Koma kwathunso kuli a National Council for Higher Education amene amaunika mapepala ochokera kunja, ndi a Medical Council of Malawi amene amalembetsa ogwira ntchito zachipatala. Ndipo tinene kuti onsewo andilola. Mayi wa ku Chilobwe amene anataya ana atatu usiku umodzi akanakhala patsogolo panga, n'kuyamba kutchula dzina la woyamba, ine ndikanamufunsa ngati akufuna madzi akumwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo sipakanakhala wondiuza, chifukwa kwathu dokotala wochokera ku America sadzudzulidwa. Timaukonda udokotala ife. Ngakhale waulemu, wongopatsidwa pa mwambo wa tsiku limodzi, munthu amaulembetsa pa chikwangwani cha maliro a apongozi.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri ndi nkhani ya ku Zimbabwe. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa cha m'ma 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, mu tauni ya Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi a m'deralo kukhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Agogowo amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza poyambira. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anaonetsa kuti anthu amene anakhala pa mabenchiwo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogo amenewa alibe digiri. Koma ali ndi owaphunzitsa ndi owayang'anira amene amabwereza nawo zimene zachitika pa benchi. Ali ndi chimene ine, ndi digiri ziwiri, ndinalibe.

Mtsikana uja ndinamuuza kuti sindiyamba. Anati mtengo wochotsera utha Lachisanu. Lachisanu linadutsa, ndipo mwezi wotsatira anaimbanso ndi mtengo wochotsera wina.

Chimene ndinachita n'chosanyaditsa pa chithunzi. Ndinalembetsa digiri yachiwiri inanso, ya uphungu, ya chidindo cha bungwe la CACREP. Makalasi ake ndi a pa intaneti, ndimawachitira pa tebulo la kukhitchini monga bambo ankachitira, kungoti nyali yake ndi ya laputopu. Koma ili ndi maola 100 oyambira ndi ena 600 oti ndigwire pa malo enieni, ndi anthu enieni, woyang'anira alipo. Ndikamaliza, dera la Indiana lidzafuna maola enanso 3,000 ndisanapatsidwe laisensi yoima pandekha. Ndikawerengetsera, ndidzakhala ndikuyandikira zaka 50. Lachiwiri lililonse masana, nthawi imene ndimayenera kukhala m'tulo, ndimakhala mu ofesi ya woyang'anira wanga kumvetsera mawu anga amene tinajambula ndi chilolezo cha amene ndinkacheza naye. Palibe chinthu chonyansa ngati mawu ako omwe. Sabata yatha anaimitsa pa mphindi ya 11 n'kufunsa kuti ndinasekeranji pamenepo.

Amayi ndinawauza Lamlungu lina pa foni. Mng'ono wanga anali atawatsina kale khutu za nkhani ya udokotala, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la mpingo linali litamva.

"Ndiye udokotala uja uyamba liti, mwana wanga?"

"Amayi, ndasintha. Sindidzakhala dokotala."

"Nanga sukulu ukuchitayo udzakhala ndani?"

"Mlangizi."

Anakhala chete. Ndinkamva nkhuku kuseri ndi wailesi ya aneba.

"Mlangizi? Si umene unali kale ku Blantyre?"

"Eya, amayi. Womwewo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ulendo wonse uja wa ndege, kukwera katatu, kukatenga chimene unachisiya ku Ndirande. Kenako anafunsa ngati ndalama ya feteleza ibwere mwezi uno kapena wa mawa.